Mphere, zilonda ndi kutupa kwa impso mwa ana: kafukufuku akuti chiyani?

Mlangizi_Zaumoyo

Moni nonse akuluakulu. Funso langa likupita kwa anzathu odziwa za khungu ndi a ku wodi ya ana.

Mphere zikabuka m'mudzi kapena pasukulu yogonera komweko, ana ambiri amafika kuchipatala zitasanduka kale zilonda za mafinya chifukwa chokanda. Amalandira mankhwala opaka, zilonda n'kuuma. Koma pakatha mwezi, mmodzi mwa ana omwe aja amabweranso atatupa zikope ndi nkhope, akukodza pang'ono, mkodzo uli woderako ngati tiyi wopanda mkaka. Kunyumba ena amati ndi kutupikana kwa njala, ena amati likodzo, ena amayamba adzera kaye kwa asing'anga.

Kodi mphere zimafikadi mpaka ku impso, kapena matenda awiriwa amangokumana? Ngati zimafikadi, ofufuza anapeza kuti njira yodulira vutoli ndi iti: kuchiza odwala okha, banja lonse, kapena mudzi wonse? Nanga pachipatala chaching'ono chopanda labu yokwanira, mwana wotupayu timusiyanitsa bwanji ndi wa kwashiorkor, ndipo timuchite chiyani podikira ambulansi? Chonde mutipatse milingo yeniyeni.

Wa_Khungu

Zikomo a Mlangizi. Sakungokumana ayi. Kungoti kachilombo ka mphere sikapita ku impso. Ntchito yake ndi kuwononga khungu, ndipo opita ku impso ndi ena.

Kachilomboka ndi Sarcoptes scabiei. Kakakazi kamakumba kanjira m'khungu lapamwamba n'kumaikira mazira 2 kapena 3 patsiku. Mazira amaswa pakatha masiku 3 kapena 4, tiana n'kukhwima m'masabata awiri. Munthu wogwidwa koyamba samva kuyabwa msanga, pamapita masabata 4 mpaka 6, ndipo nthawi yonseyo amakhala akupatsira ogona nawo mphasa imodzi. Amene anadwalapo kale amayamba kukanda pasanathe masiku 4. Pathupi lonse pamangokhala tizilombo 10 kapena 15. Kuyabwa koopsa kwa usiku kuja ndi thupi likulimbana ndi tizilomboto, mazira ndi ndowe zake. Zikhadabo zikang'amba khungu mumalowa mabakiteriya awiri, Staphylococcus aureus ndi Streptococcus pyogenes, amene ambiri timangoti group A strep. Mwini nkhani ya impso ndi wachiwiriyu. Ofufuza a ku QIMR Berghofer ku Brisbane anaonetsanso kuti kachilombo ka mphere kamatulutsa mapuloteni ofooketsa complement, yomwe ndi mbali ya chitetezo cha thupi, moti strep amaswana mwaufulu m'tinjira tija.

Poyeza, musangoyang'ana pamene mayi akuloza. Onani pakati pa zala, pamfundo ya dzanja chakumkati, m'zigongono, m'khwapa, kuzungulira mchombo, m'matako, ndipo kwa anyamata pamaliseche, pamene pamatuluka timibulu toyabwa. Makanda amakhala nazo m'zikhatho, kumapazi, ngakhale kumutu. Funso limodzi lokha limathandiza kwambiri: kunyumba aliponso wina amene akukanda usiku?

Zilonda zikakhala za mafinya, yambani ndi zimenezo. Tsukani ndi sopo ndi madzi, nkhanambo zachikasu zija muzinyowetse mpaka zichoke. Ngati zili zochepa, mupirocin 2% katatu patsiku kwa masiku 5 ndi wokwanira, ndipo komwe kulibe, GV (gentian violet) amathandizako kuumitsa. Zikachuluka, kapena mwana watentha thupi, kapena ali ndi mwanabere, pafunika antibayotiki wakumwa monga cloxacillin kapena flucloxacillin, kapena jakisoni mmodzi wa benzathine penicillin. Dikirani tsiku limodzi kapena awiri musanapake mankhwala a mphere, makamaka benzyl benzoate, chifukwa pabala amaotcha zedi, ndipo mwana akalira kwambiri tsiku loyamba mayi sapakanso.

Milingo yake nayi. Permethrin 5% ndiye wofatsa, ndipo amaloledwa kuyambira mwana wa miyezi iwiri. Chubu cha 30 g ndi cha wamkulu mmodzi kupaka kamodzi. Mwana wa zaka 6 mpaka 12 theka la chubu, wa chaka chimodzi mpaka 5 kota, khanda theka la kota. Apake madzulo, asambe pakatha maola 8 mpaka 12, abwereze pakatha masiku 7.

Benzyl benzoate 25% ndi amene amapezeka kawirikawiri kwathu kuno. Wazaka zoposa 12 apake wosasungunula, akhale naye maola 24. Wa zaka 2 mpaka 12, sakanizani muyezo umodzi wa mankhwala ndi muyezo umodzi wa madzi oyera, zikhala 12.5%, maola 24. Wosakwana zaka 2, muyezo umodzi wa mankhwala ndi itatu ya madzi, zikhala 6.25%, asambe pakatha maola 12, ndipo manja muwakulunge kuti asayamwe mankhwalawo kapena kutikita m'maso. Kwa wakhanda kwenikweni ndi mayi woyembekezera, permethrin kapena mafuta a sulphur 5% usiku utatu wotsatizana ndi abwinopo.

Ivermectin ndi wakumwa, 200 microgram pa kilogalamu iliyonse. Ndi mapiritsi a 3 mg: wolemera 15 mpaka 24 kg limodzi, 25 mpaka 35 kg awiri, 36 mpaka 50 kg atatu, 51 mpaka 65 kg anayi. Sapha mazira, n'chifukwa chake amabwereza pakatha masiku 7 mpaka 14. Saperekedwa kwa mwana wosakwana 15 kg ndi mayi woyembekezera.

Tsono mankhwala onsewa ndi abwino, koma mphere zimabwerera, ndipo pafupifupi nthawi zonse vuto silikhala mankhwala. Anthu amapaka pamene pali tiziphuphu pokha, pomwe mankhwala amayenera kukuta thupi lonse kuyambira m'khosi mpaka kuzala za kumapazi, kunsi kwa zikhadabo zowengedwa, ndipo kwa ana aang'ono ndi okalamba kumutu ndi kuseri kwa makutu komwe, kupatula m'maso ndi pakamwa. Munthu akasamba m'manja ayenera kupakanso. Cholakwika chachikulu ndi kupatsa mankhwala mwana wobwera kuchipatala yekhayo, chonsecho mkulu wake ali nazo koma sanayambe kukanda. Onse a m'nyumbamo apake usiku umodzi womwewo. Zovala ndi zofunda achape m'madzi otentha ndi kuyanika padzuwa. Zosachapika amange m'jumbo masiku osachepera atatu, popeza kachilomboka sikakhalitsa kopanda khungu la munthu. Kupopera nyumba mankhwala ndi kutaya ndalama.

Muwauziretu makolo kuti kuyabwa kumapitirira masabata awiri mpaka anayi tizilombo titafa kale. Osawauza, amapaka benzyl benzoate tsiku ndi tsiku mpaka khungu kupsa, kapena amakagula mafuta a betamethasone pamsika, amene amaziziritsa kuyabwa tizilombo tikuswana. Ndipo mukaona wina m'banjamo ali ndi khungu lokhuthala, la makwamba oyera m'manja ndi m'mapazi, nthawi zina osayabwa n'komwe, ganizirani mphere zamakwamba zotchedwa crusted scabies. Ameneyo ali ndi tizilombo zikwizikwi, ndiye gwero la mudzi wonse. Afunika ivermectin kangapo pamodzi ndi wopaka, komanso ayezedwe HIV.

Wa_Wodi_ya_Ana

A Wa_Khungu afotokoza bwino za khungu, ine ndilowe ku impso. Matendawa ndi post-streptococcal glomerulonephritis, mwachidule PSGN. Strep mwiniwake sapita kukadya impso. Thupi limapanga chitetezo cholimbana ndi mapuloteni ake, makamaka awiri otchedwa SpeB ndi NAPlr, ndipo nkhondoyo imakatupitsa timasefa ta m'impso. Timasefa tikatupa, magazi amadutsa kulowa mumkodzo pamene mchere ndi madzi zikutsalira m'thupi. Izi zimatenga nthawi: sabata imodzi kapena awiri chichokereni zilonda za kukhosi, masabata 3 mpaka 6 chichokereni zilonda za pakhungu. Mwana akamatupa zilonda zimakhala zitapola, kwatsala zipsera zakuda m'miyendo. Muzifunefune zipserazo, chifukwa mayi sangakuuzeni za zilonda za mwezi watha ngati simunafunse. Ambiri ogwidwa ndi a zaka 5 mpaka 12. Wosakwana zaka ziwiri si kawirikawiri.

Posiyanitsa mufunika zinthu zitatu zokha: makina a BP okhala ndi lamba wa ana, dipstick (kapepala koyezera mkodzo), ndi sikelo.

Wa PSGN amatupa kuyambira kunkhope, makamaka m'mawa. BP imakhala yokwera, dipstick imaonetsa magazi ambiri ndi puloteni 1+ kapena 2+, ndipo mkodzo ndi woderako kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Wa kwashiorkor amatupa kuyambira kumapazi onse awiri, nthawi zambiri ndi wamng'ono, tsitsi lapyapyala, khungu losupuka, wosasangalala, BP yosakwera, mumkodzo mulibe magazi. Wa nephrotic syndrome, matenda ena a impso otayitsa puloteni mumkodzo, amatupa thupi lonse mpaka mimba, mkodzo wa thovu, puloteni 3+ kapena 4+, magazi ochepa kapena palibe, BP nthawi zambiri ili bwino. Wa likodzo magazi ake ndi ofiira, amadontha pomaliza kukodza, ndipo satupa. Wa malungo aakulu amathanso kukodza mkodzo wakuda, koma amakhala wotentha thupi, wotuwa m'zikhatho, maso achikasu. Komwe kuli maikulosikopu, mkodzo wa malungowu sumakhala ndi maselo ofiira ngakhale dipstick ikuti muli magazi, pomwe wa PSGN uli nawo ambiri ndiponso ma red cell cast, omwe ndi maselo ofiira oumbika pamodzi m'timachubu ta impso. Chenjezo kwa a m'mbali mwa nyanja: mwana akhoza kukhala ndi likodzo ndi PSGN nthawi imodzi. Kupeza mazira a likodzo kusakuiwalitseni BP.

Kusiyanitsaku si nkhani ya mayeso a m'kalasi. Furosemide, mankhwala okodzetsa, amapulumutsa wa PSGN koma ndi woopsa kwa wa kwashiorkor. Prednisolone amachiza nephrotic syndrome koma kwa wa PSGN sathandiza, amangokweza BP.

Za BP ndikhalepo pang'ono, chifukwa ndi imene imapha. Lamba akhale woti m'lifupi mwa kathumba ka mpweya mukwane 40 peresenti ya kuzungulira kwa mkono, ndipo m'litali mwake 80 mpaka 100 peresenti. Lamba wamng'ono amakweza nambala, wa akulu pamkono wa mwana amaitsitsa, ndiye mwana wodwala amaoneka ngati ali bwino. Ndipo 120/80 imene timaitama mwa akulu ndi yokwera kwa mwana wa zaka 6. Wa msinkhu umenewo akadutsa 110 ya pamwamba muyambe kukayika. Akamadandaula mutu, kusanza, kuona mwachimbuuzi, kusokonezeka kapena kukomoka, BP yafika ku ubongo. Ana oterewa amalembedwa malungo a mu ubongo kapena meningitis chifukwa palibe anawayeza BP. Akamapuma mwaphuma, akulephera kugona chagada, madzi alowa m'mapapo, ndipo amenewa amalembedwa chibayo n'kuikidwa diripi, yomwe imangowonjezera madzi omwe akumumiza.

Podikira ambulansi chitani izi. Musaike diripi ya madzi; ikani cannula yokha. Ngati watupa ndipo BP yakwera, kapena akubanika, furosemide 1 mg pa kilogalamu, kudzera mumtsempha pang'onopang'ono kapena wakumwa; mwana wa 20 kg ndi 20 mg, theka la piritsi la 40 mg. Mukhazikeni tsonga, mpatseni oxygen ngati alipo. Akakomoka, diazepam monga mwa nthawi zonse, muyeze shuga ndi malungo, koma mudziwe kuti BP isanatsike kukomokako kubweranso. Potsitsa BP, nifedipine 0.25 mg pa kilogalamu wakumwa, kapena hydralazine 0.1 mpaka 0.2 mg pa kilogalamu mumtsempha pang'onopang'ono, kenako kuyeza BP pafupipafupi. Cholinga ndi kuitsitsa pang'onopang'ono m'maola angapo. Kuigwetsa kamodzin'kamodzi kumamana ubongo magazi. Captopril ndi enalapril asiyeni panthawi imeneyi, amakweza potassium. Musampatse ibuprofen, diclofenac kapena gentamicin. Mufunsenso mwaulemu ngati wamwa mankhwala azitsamba, ndipo asiye.

Penicillin amaperekedwa ndithu: benzathine penicillin jakisoni mmodzi, mayunitsi 600,000 kwa mwana wosakwana 30 kg ndi 1.2 miliyoni kwa woposa apo, kapena penicillin V masiku 10, kapena erythromycin kwa amene penicillin samuyanja. Koma tisanamizane: jakisoniyo sachiza impso zotupa kale. Amangopha strep wotsala kuti asafalikire kwa abale.

Ku wodi, chithandizo chenicheni ndi mchere, madzi ndi sikelo. Madzi a tsiku lonse amawerengedwa motere: 400 ml pa square metre ya thupi, kuphatikiza mkodzo umene anakodza dzulo. Mwana wa 20 kg ali pafupifupi 0.8 square metre, ndiye 320 ml kuphatikiza mkodzo wadzulo, ndipo phala, tiyi ndi msuzi zimalowa m'chiwerengero chomwecho. Woyang'anira mwana apatsidwe botolo lolembedwa mizere kuti mkodzo wonse uziyezedwa. Kuchepera 0.5 ml pa kilogalamu pa ola, kutanthauza kuchepera 240 ml patsiku kwa mwana wa 20 kg, ndiye kuti impso zatsekeka. Ayezedwe sikelo m'mawa uliwonse. Kulemera kukamatsika ndiye kuti zikuyenda. Ndiwo zake ziphikidwe padera popanda mchere, popanda timakyubu tokometsera, ndipo nsomba zouma zamchere ndi tchipisi ayi. Pamene mkodzo uli wochepa apewe nthochi, mapeyala, mbatata, tomato wambiri, komanso chimene ambiri timaiwala, therere la chidulo, chifukwa phulusa ndi lodzaza potassium.

Ambiri amayamba kukodza kwambiri pasanathe masiku 7 mpaka 10, kutupa n'kuphwa, BP n'kutsika. Amene mkodzo wasiyiratu, potassium wakwera, creatinine (muyezo wa m'magazi wa kagwiridwe ntchito ka impso) akukwerabe tsiku ndi tsiku, kapena madzi a m'mapapo sakumvera furosemide, afunika dialysis, yomwe ndi kusefa magazi m'malo mwa impso, ndipo m'zipatala za boma imeneyi ndi nkhani ya zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe. Imbani foni msanga mwana asanafooke. Komwe labu ikutha, muyeze C3, puloteni ya complement ya m'magazi, imene imatsika mu PSGN n'kubwerera pakatha masabata 6 mpaka 8. Pa kuyeza magazi koonetsa kuti mwana anali ndi strep, ASO titre musamudalire pa strep wa pakhungu, nthawi zambiri sakwera. Anti-DNase B ndiye amaonetsa bwino.

Mlangizi_Zaumoyo

Zikomo kwambiri akuluakulu, za chidulo ndi lamba wa BP tizifikitsa kwa anzathu. Tsono ngati penicillin sachiza impso zotupa kale, kodi kumupereka msanga zilonda zikangoyamba kumateteza impso? Nanga zopatsa mudzi wonse mankhwala, umboni wake ndi wolimba bwanji?

Wa_Kafukufuku

A Mlangizi, mwafunsa penipeni pamene umboni umagawikana. Wolimba kwambiri ndi wakuti kuchiza mudzi wonse kumathetsa mphere ndi kuchepetsa zilonda. Wakuti kumateteza impso ulipo koma ndi wopepukirapo.

Ubale wa mphere ndi impso unaoneka kalekale. Ku Red Lake, m'chigawo cha Minnesota ku America, PSGN inabuka mu 1953 n'kubukanso mu 1966, ndipo strep wake anali mtundu wa M49, wokonda khungu. Ku Trinidad, lipoti la mu Lancet la 1972 linaonetsa mliri wa mphere ukuyendera limodzi ndi mliri wa kutupa kwa impso. Si strep aliyense amene amavulaza impso, n'chifukwa chake chaka china ana a zilonda amachuluka popanda wotupa, chaka china n'kutupa angapo m'mudzi umodzi.

Kafukufuku amene anasintha maganizo a anthu ndi SHIFT wa ku Fiji, wofalitsidwa mu New England Journal of Medicine mu 2015. Anatenga magulu atatu a zilumba. Gulu loyamba anachiza odwala ndi a m'nyumba mwawo, monga timachitira ife. Pakatha miyezi 12 mphere zinatsika kuchoka pa 36.6 kufika pa 18.8 peresenti. Gulu lachiwiri aliyense anapaka permethrin: 41.7 kufika 15.8. Gulu lachitatu aliyense anamwa ivermectin, kupatula ana aang'ono ndi amayi oyembekezera amene anapaka permethrin: 32.1 kufika 1.9. Zilonda za mafinya m'gulu la ivermectin zinatsika kuchoka pa 24.6 kufika pa 8.0 peresenti, popanda kugawa antibayotiki. Ku Choiseul, ku Solomon Islands, anabwereza pa anthu pafupifupi 26,000, ivermectin pamodzi ndi azithromycin wa matenda a maso a trachoma, ndipo mphere zinachoka pa 18.7 kufika pa 2.3 peresenti. Kafukufuku wina wa m'dziko lomwelo, wa 2019, anayerekeza ivermectin yekha ndi ivermectin wophatikiza azithromycin, ndipo zilonda zinatsika mofanana. Tanthauzo lake ndi lakuti mukachotsa mphere zilonda zimatsika zokha.

Amene anayang'ana mkodzo ndi kafukufuku wa ku Solomon Islands wa mu Bulletin of the World Health Organization mu 2005. Pazilumba zazing'ono zisanu mphere zinatsika kuchoka pa 25 peresenti kufika pochepera 1, ndipo ana opezeka ndi magazi mumkodzo anachepa. Koma panalibe gulu loyerekezera nalo, ndiye tiziutchula mosamala. SHIFT nayo inayeza khungu, osati impso.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika mphere pa mndandanda wa matenda onyalanyazidwa a m'maiko otentha mu 2017, ndipo akatswiri amene linawasonkhanitsa mu 2019 anagwirizana zoti kugawa mankhwala kwa onse kuganiziridwe pamene anthu 10 kapena kuposa pa 100 alionse ali ndi mphere, n'kusiya akatsika pansi pa 2. Maganizo anga ndi akuti manambala a ku Fiji tisawayembekezere ndendende kwathu kuno. Pachilumba anthu salowa ndi kutuluka monga m'midzi yathu, komwe maliro, misika ndi ana obwera ku holide zimasakaniza anthu sabata iliyonse. Kumene njirayi ingagwire msanga ndi malo otsekeka: sukulu zogonera, ndende, misasa ya othawa madzi osefukira. Luso logawa ivermectin lilipo kale m'maboma monga Thyolo, Mulanje ndi Mwanza chifukwa cha onchocerciasis, matenda a njoka zam'khungu amene amachititsa khungu la maso. Koma kugawa kotere ndi chigamulo cha ofesi ya zaumoyo ya boma. Mbali yanu ndi kuwerenga bwino odwala ndi kupereka lipoti.

Pa funso lanu loyamba: kuchiza zilonda za kukhosi ndi penicillin kumateteza rheumatic fever, matenda otsatira strep amene amawononga mtima, izi zinatsimikizika m'ma 1950. Pa zilonda za pakhungu ndi PSGN, palibe kafukufuku woyerekeza magulu amene anatsimikiza kuti mwana wochizidwayo impso zake zatetezeka. Phindu lodziwika ndi kudula kufalikira. Ku Northern Territory ku Australia, PSGN ikapezeka amayeza a m'nyumbamo BP, mkodzo ndi khungu, ana n'kubayidwa benzathine. Ndi nzeru yoyenera kutengera, popeza pa mwana mmodzi wotupa pamakhala ena angapo amene ali ndi magazi obisika mumkodzo koma akusewera bwinobwino.

Kumeneko n'kumenenso kunachitikira Skin Sore Trial, mu Lancet ya 2014, pa ana 508. Cotrimoxazole (Bactrim) wakumwa kwa masiku 3 kapena 5 anapoletsa zilonda mofanana ndi jakisoni wa benzathine, pafupifupi 85 peresenti mbali zonse. Kale ankaphunzitsa kuti mankhwalawa sagwira strep, koma zinapezeka kuti thymidine wa m'mbale zomeretsera mabakiteriya mu labu ndiye ankasokoneza zotsatira. Ngakhale zili choncho, ine sindingathamangire Bactrim kuno, komwe anthu ambiri okhala ndi HIV amamumwa tsiku lililonse ndipo mabakiteriya ambiri anamuzolowera. Ndiponso kwa mwana amene watupa kale musampatse, amakweza potassium.

Wa_Mano

Pepani kulowerera akuluakulu, koma mwana yemweyu amafikanso kwa ife a mano, ndipo pali zingapo zimene zimalakwika.

Mwana amene impso zatupa asazulidwe dzino BP isanakhazikike, pokhapokha ngati pali chotupa cha mafinya chimene sichingadikire. Akazulidwa, wopha ululu ndi paracetamol 15 mg pa kilogalamu, osati ibuprofen amene timakonda kulemba mwachizolowezi. Tetracycline asaperekedwe pa zilonda za mwana wosakwana zaka 8, amadetsa mano osatha amene akupangika mkati. Ana amene vuto la impso lakhalitsa ndipo ali pa nifedipine kapena amlodipine kwa miyezi, nkhama zimatha kukula mpaka kukwirira mano, makamaka ngati m'kamwa simutsukidwa. Kutsuka kawiri patsiku ndi mankhwala a fluoride wa 1,000 mpaka 1,500 ppm kumachepetsa vutoli: kochepa ngati kambewu ka mpunga kwa wosakwana zaka 3, ngati nsawawa yaing'ono kwa wa zaka 3 mpaka 6, alavule koma asachukuche. Mankhwala amadzi otsekemera akamwa usiku, atsuke mano pambuyo pake.

Pa kafukufuku, ku New Zealand anatsatira ana a Māori ndi a zilumba za Pacific napeza kuti amene anali ndi mano ambiri obooka ndiwo ankadwala kwambiri rheumatic fever. Kafukufuku wina wa ku Auckland anapeza zofanana pa ana amene anagonekedwapo ndi mphere. Zimenezi zikuonetsa kuyendera limodzi chabe, popeza kuthithikana m'nyumba ndi umphawi zimabweretsa zonsezi pamodzi. Kwathu kuno, ku Queen Elizabeth anayesa timapepala toyezera urea m'malovu, zotsatira zinatuluka mu 2017, ndipo tinkatha kuzindikira odwala amene impso zawonongeka kwambiri popanda kutenga magazi. Tingathandize posankha woyamba kukwera ambulansi, koma sitilowa m'malo mwa creatinine.

Wa_Wodi_ya_Ana

Popeza a Wa_Mano atchula rheumatic fever, ndikonze chinthu chimodzi chimene chimasokonekera m'mabuku a kuchipatala a ana. Jakisoni wa benzathine wa masabata anayi alionse ndi wa mtima. Kafukufuku wa GOAL ku Gulu, ku Uganda, wofalitsidwa mu 2022, anaonetsa kuti pa ana a matenda a mtima obisika, vuto linakula mwa 0.8 peresenti ya obayidwa poyerekeza ndi 8.2 peresenti ya osabayidwa pa zaka ziwiri. PSGN siibwereza kawirikawiri, ndiye mwana wake safunika jakisoni wa mwezi ndi mwezi. Komabe mwana aliyense wotupa mumumvetsere mtima, chifukwa wa rheumatic heart disease naye amatupa ndi kubanika.

Chimene wa PSGN akufunika akatuluka ndi kuonedwa. BP ndi dipstick pakatha masabata awiri, kenako pa masabata 6 mpaka 8, kenako pa miyezi 6 ndi 12. Magazi obisika mumkodzo amatha kukhalapo chaka chimodzi mpaka ziwiri, paokha si chifukwa choopera. Mumubwezere kuchipatala chachikulu ngati mkodzo ukadali woderako kapena BP ikadali yokwera pakatha mwezi, puloteni sakutsika, kapena C3 sinabwerere pakatha masabata 12, chifukwa pamenepo akhoza kukhala matenda ena a impso ofuna biopsy, kutenga kachidutswa ka impso kukayeza. Kafukufuku wa pakati pa Aaborijini a ku Australia anapeza kuti amene anadwala PSGN ali ana ankapezeka ndi puloteni mumkodzo atakula kangapo kuposa anzawo, ndiye dzina la matendawa lilembedwe moonekera patsamba loyamba la buku lake la kuchipatala, ndipo ngati ndi mtsikana, adzalitchule akadzayamba sikelo ya mimba.